Pulani yalemba ramp 1:12, ine ndakhoma matabwa pa madigiri 12

Womanga wa ku Mchinji:
Akuluakulu, ndithandizeni ndisanathire konkire mawa. Ndikumanga kasitolo ka mankhwala pa msika wina kuno. Pulani yalemba "ramp 1:12" kutsogolo kwa khonde, "fall 1:40" pa paipi ya chimbudzi, ndi "pitch 22.5°" pa denga. Kwa ine mawu onsewa ndimangowamva kuti ndi kupendekeka basi. Ndiye pa ramp, pokwerera njinga za anthu aulumali, ndakhoma matabwa pa madigiri 12. Khonde lakwera mamilimita 450 kuchokera pansi, ndipo pokwererapo patalika mamita 2.1. Koma mtima sukukhazikika, chifukwa wilibala yodzaza mchenga ikuchita kufuna anthu awiri kuti ikwere.

Folomani wa ku Zomba:
Achimwene, simenti musatsegule kaye. 1:12 si madigiri ayi. Nambala yoyamba ndi kukwera, yachiwiri ndi mtunda woyenda pansi pathyathyathya. Mukakwera mita imodzi, muyende mamita 12. Ndiye inu chulukitsani 450 ndi 12, mupeza mamilimita 5,400, kutanthauza mamita 5.4. Zomwe mwakhomazo ndi pafupifupi 1:5, chikweza choposa kawiri chimene wojambula pulani akufuna. Wilibalayo yakuuzani zoona. Tangoganizani gogo ali pa njinga, akudzikankha ndi manja ake, wafika pakati mphamvu zatha, njinga yayamba kubwerera chammbuyo. Potsika ndiye poopsa zedi. Ndinaonapo mayi wina akugwa ndi mwana wake pa ramp yotere, mpaka lero zimandiwawa. Mukafuna m'madigiri, 1:12 sifika ngakhale madigiri 5.

Womanga wa ku Mchinji:
Ndamva bambo, zikomo. Vuto ndi malo. Kuchokera pa khonde kufika pa ngalande ya msewu pali mamita 3 okha. Mamita 5.4 ndiwapeza kuti?

Folomani wa ku Zomba:
Khondelo m'litali ndi mamita angati?

Womanga wa ku Mchinji:
Mamita 7.

Folomani wa ku Zomba:
Basitu yatheka. Musalunjikitse ku msewu, igonekeni m'mbali mwa khonde, iyende motsatira khoma. Mamita 5.4 okwera, kenako pamwamba musiye malo athyathyathya a mamita 1.5 oti njinga itembenukirepo polowa pa khonde. Pa pulani amawalemba kuti landing. Zonse pamodzi mamita 6.9, mukukwana. Poyeza musagoneke tepi pa thabwa lopendekekalo, yezani pansi. Khomani zikhomo, tengani levulo ndi kapaipi ka madzi koyezera kaja, ndipo pa mamita 1.2 alionse chingwe chikwere mamilimita 100. Pamwamba pa konkire musasalalitse ngati m'chipinda chogona, pitsanipo tsache isanaume kuti mvula ikagwa pasamaterere. Kumbali ya kunja ikani mzere wa njerwa kuti tayala lisaphonye. Komanso muimbireni wojambulayo adziwe kuti mwaitembenuza, asadzabwere n'kudabwa.

Mayi pulambala wa ku Area 25:
Pa fall ndilowererepo, poti ndi chakudya changa cha tsiku ndi tsiku. Kawerengedwe kake ndi komweko, koma mawu akuti fall amanena za kutsika, kumene madzi akulowera. 1:40 ndi mamilimita 25 pa mita iliyonse. Ngati kuchokera ku chimbudzi kufika ku thanki ndi mamita 12, paipi itsike mamilimita 300. Musangoyeza kumayambiriro ndi kumapeto, mlongo wanga. Yezani mita iliyonse musanakwirire, chifukwa paipi ikapanga mimba pakati, zonyansa zimagona pomwepo, pakatha miyezi ingapo mwini nyumba akukuimbirani usiku. Ena amati bola kutsetsereka kwambiri, koma ine paipi zotsetsereka mopitirira ndazitsegulapo zambiri: madzi amathamanga okha n'kusiya katundu m'mbuyo.

Kalipentala wa ku Balaka:
Pitch yokhayo ndiyo ili m'madigiri, mwaona kamzere kozungulira pamwamba pa nambala. Pa madigiri 22.5 denga limakwera pafupifupi mamilimita 414 pa mita iliyonse. Nyumba ikakhala mamita 6 m'lifupi, tengani theka lake, mamita 3, msonga ya denga ikhale mamita 1.24 pamwamba pa khoma.

Wa ntchito za misewu, Dedza:
Poti mwayandikira ngalande, mudzakumananso ndi awa. Camber ndi msana wa msewu, pakati potukuka kuti madzi agwere mbali zonse ziwiri. Batter ndi kupendekeka kwa m'mbali mwa ngalande kapena dothi lodulidwa kuti lisagumuke. Gradient ndi kukwera kapena kutsika kwa msewu m'litali mwake, ndipo ife timakonda kulemba m'maperesenti. Ramp yanuyo kwathu ikanalembedwa 8.3%.

Womanga wa ku Mchinji:
Matabwa ndazula, zikhomo ndakhoma motsatira khoma, chingwe chafika bwinobwino pa 5.4. Wojambula wavomera, wangoti ndionjezere chitsulo chogwirira mbali ya kunja. Amayi, paipi ndayeza ndi mamita 9, ndiye ndiitsitsa mamilimita 225. Konkire tithira Lachisanu, simenti ikuchepa matumba awiri.