Memore khadi yothamanga ija ndigule kapena ndingotaya ndalama?

Wakunchalo:
Akuluakulu ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi kakamera ka Canon IXUS 185 kamene alamu anga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg, ndimajambulira maukwati, zinkhoswe ndi za ku tchalitchi konkuno. Vuto lake ndikadina kamodzi kamayamba kaganiza kaye kasanalole kudinanso, nde pa pelekanipelekani anthu akuvina akuponya ndalama ine ndili njo kudikira, pomadzadina apongozi adutsa kale. Ku Limbe mnyamata wina wa m'shopu anandionetsa khadi yolembedwa 170MB/s, U3, V30 akuti ndikaikamo imeneyo vuto latha, koma mtengo wake ungagule makhadi wamba atatu. Panopa muli ya 8GB yakalekale, ili ndi 4 mkati mwa chilembo cha C. Ndigule kapena akufuna angondidyera?

Kabaza wa pa Dyeratu:
Gulani bwana, chodula ndi chodula basi. Zotchipa zimalilitsa

Mphunzitsi wa ku Bangula:
A Kabaza inu mwayamba kkkk. Achimwene aku Nchalo musathamange kaye. Funso loyamba, kuchedwako kumachitika mukamajambula panja dzuwa lili phwee kapena mu holo mukayatsa fulashi?

Wakunchalo:
Kwambiri mu holo aphunzitsi, ndi m'tchalitchi. Panja kamayesetsa koma sikuti kamathamanganso ayi

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Nde si khadi imeneyo, ndi fulashi. Ikawala kamodzi imafuna masekondi angapo kuti ikokenso moto ku batire, ndipo batire ikamatha mpamene imachedwa kwambiri. Olo mutaikamo khadi yodula bwanji fulashi idikirabe nthawi yake. Yesani lero lomwe, zimitsani fulashi mujambule ana panja kenako muyatse mujambule m'nyumba, muona kusiyana nokha osalipira kanthu.

Mnyamata wa ku MUBAS:
Aphunzitsi akunena zoona koma ndiwonjezereko za manambala ali pakhadi paja chifukwa mpamene anthu amatipusitsira. 170MB/s yalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ija ndi liwiro lowerengera, kutanthauza pokopa zithunzi kuchoka pakhadi kupita pa laputopu, ndiponso ndi pomwe ingafike zinthu zonse zikakhala bwino. Kamera ikamajambula siwerenga, imalemba. Liwiro lolembera ndi timanambala ting'onoting'ono tija. C ya 4 ngati yanuyo ikulonjeza kuti sitsika pansi pa 4MB pa sekondi, C ya 10, yomwe amati Class 10, ndi 10MB, U yokhala ndi 1 mkati ndi 10MB yomweyo, U3 ndi 30MB, V30 ndi 30MB yomweyonso angoilemba kawiri. Tsono kamera yanuyo vidiyo yake imathera pa 720p, 4K mulibe, ndipo pa saizi yonse ya 20 megapixel olo mutapanikiza batani osasiya sikwanitsa chithunzi chimodzi pa sekondi. Chithunzi chimodzi chimakhala cha ma 5MB kapena 6MB. Nde werengerani nokha, 30MB pa sekondi muifunira chani? Zili ngati kutenga ngolo ya ng'ombe ya ku Ngabu nkuiika pa tara wa M1, msewu ndi wosalala inde koma ng'ombe ziyendabe mayendedwe ake omwe aja.

Kabaza wa pa Dyeratu:
Iwe usanyoze ngolo, nthawi ya thonje imapanga ndalama kuposa digiri yakoyo kkkkk

Wastudio wa ku Nsanje boma:
Ine nditsutsako pang'ono. Anyamata asukulu mumawerengera zapapepala koma ife timagwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku. Kujambula ndi theka chabe, theka linalo ndi kukopa. Ukabwera ku ukwati khadi itadzaza, eni ake ali pakhomo akufuna aone zithunzi asanakwere minibasi yobwerera ku Marka, magetsi nawo sudziwa azima nthawi yanji ndipo batire ya laputopu inafa kale imangodalira chingwe, pamenepo mphindi iliyonse ndi ndalama. Ine ndinagula yothamanga chifukwa cha chimenechi ndipo sindidandaula. Komanso munthu sukhala ndi kamera imodzi moyo wako wonse, mawa achimwenewa akagula ina ya 4K khadi adzakhala nayo kale.

Mnyamata wa ku MUBAS:
Akulu apo ndikuvomera, pokopa mpamene khadi yothamanga imaoneka ntchito yake. Koma mumakopera pa chani? Ngati ndi kachingwe ka kamera komwe kaja kapena ka card reader kotchipa ka pamsika, zimenezo ndi USB 2.0 ndipo zimathera cha m'ma 30MB pa sekondi olo khadi ikhale yotani. 32GB yodzaza pa liwiro limenelo ndi mphindi cha m'ma 18. Mukapeza reader ya USB 3.0, nkulowetsa pa bowo la laputopu lomwe nthawi zambiri mkati mwake mumakhala mwa buluu, nkumakopa pa 90MB, zitha pa mphindi 6. Nde phindu lilipo koma lifuna mugulenso reader komanso laputopu ikhale nalo bowolo. China, makhadi a mtundu wa yomwe anakuonetsaniyo, otchedwa UHS-I, malire ake enieni ndi 104MB pa sekondi, 170 ija imafikika ndi reader yapadera ya kampani yomweyo basi. Wa m'shopu uja zimenezi sanakuuzeni eti?

Wakunchalo:
Sananene ata. Laputopu ndilibenso ine, ndimapita pa studio ina pa Nchalo pompa amandikopera nkutsuka zomwe anthu asankha, zina amandiikira pa foni nkumatumiza pa WhatsApp

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Basi nkhani yatha pamenepo, mungagule liwiro loti akasangalale nalo ndi mwini studio

Wastudio wa ku Nsanje boma:
Kkkk aphunzitsi nanga ifeyo si anthu? Koma za mawa zija simunandiyankhe

Mnyamata wa ku MUBAS:
Za mawa zili ndi mutu ngati mawalo lili pafupi. Makamera ang'onoang'ono omwe amafunadi U3 alipo, ngati ma Sony RX100 kuyambira Mark IV kupita m'tsogolo, 4K yake pa 100Mbps imakana khadi yosakhala U3. Chifukwa chake 100Mbps ukagawa ndi 8 ndi 12.5MB pa sekondi, yadutsa kale 10MB imene Class 10 imalonjeza. Koma mtengo wa kamera imeneyo munthu wogula sangadzalire ndi khadi. Kugula khadi lero chifukwa cha kamera yomwe mwina mudzaigula zaka zitatu zikubwerazi ine ayi, pofika nthawiyo khadiyo idzakhala yatopa kale ndi maukwati

Wastudio wa ku Nsanje boma:
Mwaiwala kwacha mphwanga. November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, tinadzuka zinthu zonse zochokera kunja zitakwera. Kuno chinthu ukachiona lero uli ndi ndalama umagula, kudikira nkudzipweteka

Mai a ku Makhanga:
Pepani ndilowererepo ngakhale manambalawa andizunguza mutu. Ine ndimajambula za gulu lathu la amayi ndi kakamera kangati komweko. Chomwe ndingakuuzeni achimwene ndi choti musaike zonse pakhadi imodzi, kaya ndi yothamanga kaya ndi yotani. Nthawi ya Freddy mu March 2023 madzi atalowa kuno chikwama changa chinapita ndi kamera yomwe, zithunzi za zaka zingapo zinali pakhadi imodzi yomweyo, za ubatizo wa ana, za malemu mai anga, zonse. Mnzanga amene ankasintha makhadi awiri ina anaisiya kwa achemwali ake kumtunda mpaka lero zake zilipo. Nde ndalama ya imodzi yodulayo bwanji osagula ziwiri zapakatikati, ina muzisunga kwina?

Wakunchalo:
Pepani kwambiri mai. Mfundo imeneyo ndaimva ndithu

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Mai anena zenizeni. Ndipo pa ukwati makhadi awiri amathandizanso, za ku tchalitchi pa ina za ku holo pa ina, imodzi ikavuta sunataye tsiku lonse la anthu. 32GB imodzi pa kamera imeneyo imalowa zithunzi zoposa 4,000, ukwati wake uti umenewo

Kabaza wa pa Dyeratu:
Nanga bwanji osangogula pamsika, pali mnyamata amagulitsa ma 128GB motchipa kuposa 32GB ya m'shopu. Ine ndinaika mufoni nyimbo zikulira bhobho

Mnyamata wa ku MUBAS:
Aise poyamba paja umati chodula ndi chodula, pano wasintha? kkkk. Imeneyo nde ngozi yeniyeni kuposa nkhani ya liwiroyi. Makhadi a feki amawakonza kuti foni kapena kamera izionetsa 128GB pomwe mkati muli mwina 8GB yokha. Poyamba zonse zimayenda bwino, nyimbo zikulira, koma ukangodutsa malo enieniwo zatsopano zimayamba kufufuta zakale kapena kungosowa, mayina a mafayilo akuoneka koma ukatsegula chithunzi chili bii kapena theka lotuwa. Ndipo pakunja pake amasindikiza dzina la kampani yodziwika, U3, V30, chilichonse chomwe ukufuna kuona. Nde achimwene aku Nchalo olo mutasankha yodulayo, kudula si umboni woti ndi orijino. Njira yake pali kapulogalamu kaulere ka pa Windows kotchedwa H2testw, kamadzaza khadi yonse nkuwerenganso kuona ngati zonse zabwerera, kamakuuzaninso liwiro lenileni lolembera. Muwapemphe a pa studio aja akuyesereni musanajambulire ukwati wa munthu, ndipo pogula mutenge lisiti.

Wastudio wa ku Nsanje boma:
Apa pokha tagwirizana. Kuno amabwera anthu akulira ndi makhadi otere mwezi ndi mwezi, wina anajambulira chinkhoswe chonse pobwera kudzatsuka tinapeza zotseguka ndi zoyambirira zokha, kuyambira pomwe ankhoswe amapatsana nkhuku kupita m'tsogolo kunalibe kanthu. Anakabisala kwa masabata mnyamata ameneyo, akuchikazi ankamusaka ngati wakuba mbuzi

Mai a ku Makhanga:
Mayo ine, nanga anakabweza ndalama?

Wastudio wa ku Nsanje boma:
Anabweza koma chinkhoswe sichibwerezedwa mai

Mlonda wa ku Ngabu:
Funso langa ndi la kutentha. Kuno October ndi November dzuwa limadutsa 40, khadi yotchipa siingapse? Mwina yodulayo imapirira

Mnyamata wa ku MUBAS:
Makhadi orijino a makampani ngati SanDisk amalembedwa kuti amagwira ntchito mpaka 85 digiri, otchipa ndi odula omwe, nde dzuwa la ku Ngabu liyamba lakomola inuyo khadi isanamve kanthu. Chomwe chimavutika ndi kutentha ndi batire, musamasiye kamera pa dashibodi kapena pawindo. Fumbi ndi thukuta pa tizitsulo tagolide tija zimatha kupangitsa card error, muziisunga m'kabokosi kake osati m'thumba la malaya limodzi ndi makobidi

Wakunchalo:
Nanga ka memore ka mufoni kaja nditaika mu adaputa sizingatheke? Ndili nako ka 32GB kolembedwa A1

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Zimatheka, ine ndimatero pena. Koma ma adaputa aja sachedwa kukhwepa, kaswitchi ka m'mbali kaja kamatsika kokha polowetsa nde kamera imangoti card locked iwe uli pakati pa anthu. Pa zoseweretsa palibe vuto koma pa ntchito yolipidwa gulani yaikulu yeniyeni. A1 yo ndi za ma app a pafoni, kamera ilibe nazo ntchito

Mnyamata wa ku MUBAS:
Ndipo mukagula muifomatire mu kamera momwemo, osati pa kompyuta, ndipo isamayendeyende mufoni ndi mukamera. Kunena chilungamo kuchoka pa Class 4 yanu yakaleyo kupita pa Class 10 mwina muonako kusintha pang'ono, makamaka poona zithunzi ndi pa vidiyo, komanso khadi yazaka zambiri ndi yofunika kupumitsa basi. Koma kuchoka pa Class 10 kupita pa V30 mukamera imeneyo simuona kanthu. Muonenso mu menu nthawi imene chithunzi chimakhala pa sikirini mukangojambula, mukaichepetsa kapena kuzimitsa kamera imaoneka yachangu

Wastudio wa ku Nsanje boma:
Ine ndikadali pomwe ndinaima, ndikanakhala ine ndikanagula U3 imodzi ndi wamba imodzi. Masiku ano kusiyana mtengo kwake sikumakhala kwakukulu choncho, ngati akukutchajani katatu nde shopu imeneyo ikukuberani, yendani mufunse kwina ku Blantyre

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Apo nde mwanena, akapeza U3 orijino pa mtengo woyandikana atenge palibe choletsa, imagwira bwinobwino mukamera yakale. Chomwe tikukana nkulipira katatu poganiza kuti fulashi ifulumira. Ndalama yotsalayo agule batire yachiwiri, ya kamera imeneyo ndi NB-11L, kakang'ono kwambiri sikamaliza ukwati ukamawalitsa fulashi pafupipafupi

Wakunchalo:
Ndayesa zomwe munanena aphunzitsi. Panja fulashi itazima kakudina msanga ndithu, m'nyumba ndikayatsa mpamene kakuyamba kuganiza kuja, ndipo batire inali pa kadontho kamodzi. Takhuta nonse. Nditenga ma 32GB awiri a Class 10 ndi batire, U3 ndiiona ndikakafunsa mitengo mashopu ena. Alipo akukwera ku Blantyre Lachisanu tidzapitire limodzi? Loweruka ndili ndi ukwati ku Sekeni

Kabaza wa pa Dyeratu:
Ine ndingakufikitseni pa Thabwa basi, phiri lija njinga yanga siikwera ndi munthu wonenepa. Koma aise wa ku MUBAS, ka 128GB kangaka ndikakupatsa ungandiyesere? Muli nyimbo zambiri sindifuna zisowe

Mnyamata wa ku MUBAS:
Ukope kaye nyimbozo kwina, kuyesako kumafuna khadi yopanda kanthu