Za laisensi ya Formula 1 ija, tsopano ndamvetsa

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinafunsa chifukwa chake Colton Herta, woyendetsa galimoto za mpikisano wa ku America, anamukaniza laisensi yolowera mu Formula 1 mu 2022 pomwe anali atapambana kale mipikisano ingapo ya IndyCar, mpikisano waukulu wa galimoto wa ku America.

Ndinatsatira malangizo a amene anati ndileke kumvera zamphekesera, ndiwerenge ndekha Appendix L, gawo la malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse. Ndinakhala pansi ndi pepala ndi cholembera n'kuwerengetsa. Super Licence, laisensi yoyendetsera mu Formula 1, imafuna mapointi 40 m'zaka zitatu. Mu IndyCar, Herta anamaliza pa nambala 7 mu 2019, nambala 3 mu 2020 ndi nambala 5 mu 2021, zomwe zinamupatsa 4, 20 ndi 8. Zonse pamodzi 32 basi. Chimene ndinkaphonya n'chakuti amawerengera malo amene wamaliza nawo pakutha kwa chaka, osati mipikisano imene wapambana.

Zimandiwawabe ndithu, chifukwa wachitatu mu Formula 2, mpikisano wa pansi pa Formula 1, amatenga 40 onse nthawi imodzi.

Kwa amene akufufuzanso, mapointi pawokha sakwanira. Pamafunika zaka 18, ngakhale kuyambira 2024 FIA ikhoza kulola wa zaka 17, komanso mayeso a malamulo ndi kuyendetsa galimoto ya Formula 1 makilomita 300.