Webusayiti ikutseguka ku ofesi, pa foni ikungozungulira

Wa ku Chilenje: Akuluakulu, ndithandizeniko. Ndaika webusayiti ya kasitomala wa ku Kamwala pa VPS (seva yobwereka) ya ku Johannesburg: Ubuntu, nginx, satifiketi ya Let's Encrypt. Pa fibre ya ku ofesi ikutseguka bwinobwino. Pa data ya foni, netiweki imodzi ilibe vuto, koma inayo ikungozungulira mpaka munthu kutopa. Ndipo ndi imene mwini shopu amagwiritsa ntchito, moti foni yanga sikupuma.

Wa ku Matero: Imeneyo ndi DNS, yomwe imasintha dzina la webusayiti kukhala IP, achimwene. Dikirani TTL ithe, nthawi imene IP yakale imakumbukiridwa.

Wa ku Chilenje: A record, yoloza dzina ku IP, ndinasintha sabata yatha, TTL ndi masekondi 300. dig ikubweza IP yomweyo paliponse. AAAA, ya IPv6, sindinaike.

Wa ku Kabwata: Lumikizani laputopu pa hotspot ya netiweki yovutayo. SSH, yolowera mu seva muli kutali, ikulowa? Ikalowa, tsegulani log yaikulu ndi cat. Muyesenso curl -v ndi ping, mutiuze.

Wa ku Chilenje: SSH yalowa, amayi. ls ikuyenda, koma cat yaima pakati osapitirira. curl ikuima itangotumiza Client hello, uthenga woyamba wa TLS yomwe imateteza HTTPS. Ping siyankha n'komwe, ngakhale pa fibre.

Wa ku Kabwata: Basi, mbava tayigwira. Ndi MTU, malire a kukula kwa paketi imene ingadutse panjira. Seva yanu ikutumiza mapaketi a 1500 bytes, koma data ya foni imadutsa m'ma tunnel, ndiye penapake panjira khomo ndi laling'ono kuposa pamenepo. Rauta ya pamalopo imataya paketiyo n'kubweza uthenga wa ICMP type 3 code 4 wouza seva kuti ichepetse. Ngati ICMP yonse, yomwenso ping imagwiritsa ntchito, ndi yotsekedwa, uthengawo sufika, seva imangobwereza paketi yaikulu yomweyo. Timapaketi ting'onoting'ono timadutsa, n'chifukwa chake SSH ikulowa. Koma satifiketi ndi yaikulu, ndiye TLS imafera pomwepo.

Wa ku Matero: Koma ufw, firewall ya mu Ubuntu, simatseka zimenezo, mu before.rules imazilola kale.

Wa ku Kabwata: Zoona. Choncho asavutike ndi ufw, ayang'ane firewall ya pa panelo ya kampani ya VPS. Ambiri amatsegula 22, 80 ndi 443 basi, n'kumaganiza kuti kubisa ping ndiko chitetezo. Ine zimenezo sindigwirizana nazo. Wofuna kukuthyolani adzaipeza seva pa 443 pomwepo, ovutika ndi makasitomala anu.

Wa ku Chilenje: Ndiko komwe kunali! Pa panelo panali madoko atatu okhawo. Ndalola ICMP, webusayiti yatseguka pa foni nthawi yomweyo.

Mdala wa ku Chelstone: Musathamange, mwana wanga. Pali ma rauta ena panjira amene uthengawo satumiza n'komwe, ndipo amenewo simungawalamule. Ikani net.ipv4.tcp_mtu_probing=1 mu sysctl kuti Linux izichepetsa mapaketi yokha ikaona mapaketi akusowa. Kuti mudziwe kukula kwa khomo, kuchokera pa hotspot lembani ping -M do -s 1472, chifukwa 1472 kuphatikiza 28 ya ma header ndi 1500, kenako muzitsitsa mpaka iyankhe. Tsiku loyatsa IPv6, ICMPv6 musaikhudze, kumeneko ma rauta saduladula mapaketi.

Wa ku Matero: Nanga kungoika Cloudflare kutsogolo, kuti iime pakati pa alendo ndi seva?

Mdala wa ku Chelstone: Webusayiti ingachire, koma SSH yake ikanaimabe pakati.

Wa ku Chilenje: sysctl ndaika, zikomo amdala. Ping ndiyesa magetsi akabwera, laputopu yatsala pang'ono kuzima.