Ndimapha adani ambiri koma timu yathu imagonjabe: ndikulakwitsa pati?

Nkhwazi27

Moni nonse. Ndakhala ndikusewera masewera owomberana a pa intaneti kwa chaka chimodzi ndi theka pa PlayStation 5, makamaka Call of Duty, ndipo miyezi itatu yapitayo ndinayamba Rainbow Six Siege chifukwa mnzanga wina anandiumiriza. Mu Call of Duty ndinazolowera kuona dzina langa pamwamba pa mndandanda masewera akatha. Mu Siege zinthu zatembenuka, chifukwa ngakhale ndiphe adani atatu mwa asanu m'chigawo chimodzi, timu yathu imagonjabe, ndipo amene amalozedwa chala ndine. Usiku wathawu munthu wina amene sindikumudziwa anandiuza pa maikolofoni kuti ndikusewera ngati m'nyumbamo ndili ndekha, kenako chigawo chotsatira chitangoyamba anandiwombera dala. Zinandiwawa, ndinamubwezera mawu osayenera, ndipo masewera onsewo anathera m'mkangano.

Ndili ndi mafunso atatu. Kodi zingatheke bwanji kuti munthu amene wapha adani ambiri akhale ndiye wogonjetsa timu? Chachiwiri, ndikafa ndimayesetsa kulangiza anzanga otsala, koma amandiuza kuti ndikhale chete, pamene tsiku lina anthu omwewo amadandaula kuti sindilankhula, ndiye choyenera n'chiti? Chomaliza, tikagonja zigawo zitatu zotsatizana ndipo anthu ayamba kutukwanizana, kodi n'kulakwa kungotuluka?

Mlonda_wa_Khomo

A Nkhwazi27, ndiyankha funso lanu loyamba lokha, chifukwa ndikuona kuti enawo akuphukira pa limeneli.

Mu Team Deathmatch ya Call of Duty, mukafa mumadzukanso pakangopita masekondi ochepa, choncho imfa yanu ndi yotchipa ndipo kupha ndiko kumawerengedwa. Siege, imene kampani ya Ubisoft inatulutsa kumapeto kwa 2015, inamangidwa pa maziko ena. Mbali iliyonse ili ndi anthu asanu, aliyense ali ndi moyo umodzi pa chigawo, ndipo oukira amapatsidwa pafupifupi mphindi zitatu kuti atchere chozimitsira bomba kapena amalize oteteza onse. Nthawi ikatha asanachite chimodzi mwa ziwirizi, oteteza apambana, ngakhale atatsala munthu mmodzi wobisala kuseri kwa kabati. Pachifukwa chimenechi, phindu la mdani amene mwapha limadalira nthawi ndi malo amene mwamuphera, komanso zimene munasiya osachita kuti mumuphe.

Tiyerekeze kuti mwa asilikali a mu Siege mwasankha Thermite, amene chida chake chimaboola makoma olimbitsidwa ndi zitsulo. Anzanu anayi akudikira kuseri kwa khoma la chipinda cha bomba, Thatcher wa timu yanu wakonzeka kale kuzimitsa mabatire amene Bandit wa oteteza walumikiza ku khomalo, koma inu mwakwera masitepe kuthamangitsa woteteza woyendayenda. Mwapha awiri, wachitatu wakuphani. Pa mndandanda mukuoneka katswiri, koma khoma lija silidzatsegukanso, ndipo anzanuwo tsopano akuyenera kulowera pa khomo limodzi lopapatiza limene mfuti zonse za oteteza zalozako. Ngati munalinso ndi chozimitsira bomba, chagwera ku nsanjika ina, ndipo wina ayenera kutaya masekondi makumi atatu kukachitola pamalo amene adani akudziwa kale kuti abwera.

Chimene ndikanakonda mutaphunzira msanga ndi kubwezera. Anthu awiri akamalowa m'chipinda motsatizana, wachiwiri ali masitepe atatu kapena anayi kumbuyo kwa woyamba, mdani amene wapha woyambayo amakhala waulula pamene ali, mfuti yake yaloza mbali imodzi, ndipo mwina zipolopolo zamuchepera. Wachiwiriyo amamugwetsa nthawi yomweyo, ndipo mbali zonse zatsala ndi anthu anayi, pamene oukira apezanso chipinda. Mukafera kutali ndi anzanu, palibe wokubwezerani, ndipo mdaniyo amadzazanso mfuti yake mwamtendere n'kusintha malo. Mtunda wa pakati panu ndi wofunika, chifukwa mukayandikana kwambiri bomba limodzi lidzakuphani nonse awiri, ndipo mudzatsekerezana pakhomo wina akafuna kubwerera m'mbuyo.

Nkhani ina ndi ya ma drone, timakamera toyenda pa mawilo timene oukira amaonera m'nyumba asanalowe. Anthu ochokera ku Call of Duty amathamangitsa drone yawo yoyamba m'chipinda cha bomba pa masekondi 45 okonzekera kumayambiriro kwa chigawo, n'kuiwombetsa isanawathandize kanthu. Mukapeza kumene kuli bomba, ibwezeni n'kuibisa pafupi ndi khomo limene mukufuna kudzalowera, kapena pa masitepe amene mdani angadzere pozungulira kumbuyo kwanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masekondi khumi oyang'ana chipinda musanalowe amapulumutsa moyo umene simudzaupezanso m'chigawocho. Kudekhako kukhale ndi malire, chifukwa ndaona matimu ambiri akuyendetsa ma drone mpaka kutsala masekondi makumi awiri, kenako onse n'kukhamukira pa zenera limodzi n'kufera pomwepo.

Nachisale

Zimene anena a Mlonda_wa_Khomo ndikugwirizana nazo, ndipo ine nditenge za maikolofoni. Anzanuwo sakudzitsutsa, a Nkhwazi27. Akufuna kuti muwauze zimene mwaona, ndipo sakufuna kuti muwauze zochita. Munthu amene watsala yekha polimbana ndi adani awiri amadalira makutu ake kuposa maso, chifukwa amamvetsera mdidi wa mapazi pamwamba pa denga, phokoso la mfuti ikamadzazidwa, ndi kusweka kwa thabwa la pa zenera. Inu mukamalankhula pa nthawi imeneyo, ngakhale malangizo anu akhale anzeru chotani, mukumutseka makutu.

Mukangofa, nenani zinthu zitatu mwachidule: pamene pali mdaniyo, ngati ali yekha kapena ndi mnzake, ndiponso ngati munamuvulaza. Mawu akuti "ali apo, ali apo" sathandiza aliyense, chifukwa mnzanu sakuona chimene inu munaona. Siege imalemba dzina la chipinda chimene muli m'munsi mwa sikirini pafupi ndi kampasi, choncho phunzirani mayinawo ndipo muziwatchula mmene alembedwera. Mukamaliza, pitani pa makamera kapena pa ma drone otsala, yang'anirani kumbuyo kwa anzanu, ndipo mulankhule pokhapokha mukaona chinthu chatsopano. Kudandaula za mmene mwafera, zakuti intaneti inachedwa kapena kuti munayamba ndinu kuwombera, kudikire chigawo chithe.

Palinso ulemu wamba umene ambiri amaunyalanyaza. Maikolofoni yotsegula nthawi zonse imatumiza kwa anthu anayi nyimbo zanu, kutafuna kwanu, ndi kulira kwa wailesi ya kanema ya m'chipinda mwanu. Ngati mukumvera masewera pa masipika m'malo mwa mahedifoni, anzanu amamva mfuti iliyonse kawiri ndipo amasokonezeka. Komanso musafulumire kudzudzula munthu amene sakulankhula. Ife akazi ambiri tinaphunzira kuti mawu athu akangomveka, chidwi cha anthu ena chimachoka pa masewera n'kubwera pa ife, choncho nthawi zambiri timayamba tamvetsera kuti tidziwe mtundu wa anthu amene tagwa nawo. Apex Legends itatuluka mu 2019 inabwera ndi njira yolozera mdani, chida kapena malo pongodina batani limodzi, ndipo masewera ambiri anatengera nzeru imeneyi, kuphatikizapo Siege imene inakonzanso njira yake yolozera mu 2020. Munthu wolozera bwino amathandiza timu kuposa wolongolola amene satchula dzina la chipinda.

Ponena za amene anakuwomberani dala, iyeyo analakwa, ngakhale kuti dandaulo lake linali ndi mfundo. Kuyambira 2019 Siege ili ndi lamulo lakuti munthu akapha mnzake wa timu imodzi, wophedwayo amaona mmene zinachitikira n'kunena ngati zinali zadala, ndipo zikatero zipolopolo za wolakwayo zimayamba kuvulaza iye mwini akawomberanso mnzake. Gwiritsani ntchito njira imeneyi, mumutsekere mawu, mumunenere, basi. Mukabwezera ndi mfuti, chilango chomwecho chimagwera inu, ndipo mukabwezera ndi pakamwa mukumbukire kuti makampani ena tsopano amamvetsera. Activision inayamba mu 2023 kugwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa ToxMod yofufuza mawu achipongwe pa zokambirana za mu Call of Duty, ndipo kunena kuti anayamba ndi mnzanu sikufafaniza zimene mwalankhula inuyo.

Gogo_wa_Halo

Ine ndinayamba zowomberana pa intaneti ndi Halo 2, imene inatuluka mu 2004 pa Xbox yoyamba ija, ndipo ndikufuna kutsutsako pang'ono, kuopa kuti a Nkhwazi27 angachoke pano ndi maganizo akuti kulimba mtima kwawo ndi matenda ofunika kuchiza. Timu iliyonse imafuna munthu wolowa patsogolo, amene saopa kukumana ndi mfuti yoyamba ndipo dzanja lake ndi lachangu pa kontrola. Timu ya anthu asanu odekha okhaokha imafa ndi wotchi. Ngati mphatso yanu ndi imeneyo, sankhani munthu wogwirizana nayo monga Ash kapena Sledge, musiyire ena Thermite ndi chozimitsira bomba, ndipo musanalowe munene khomo limene mukulowera ndi kupempha mmodzi akutsatireni kapena akuyendetsereni drone patsogolo. Kuthamanga komweko kumene akukudzudzulirani lero adzakuyamikirani mawa, kusiyana kwake kungokhala kwakuti mwawachenjeza.

Ndikukayikiranso zoti Call of Duty ndi imene inakuphunzitsani kusewera nokha, chifukwa nayonso ili ndi mitundu ya masewera yofuna nzeru za gulu. Mu Hardpoint malo olimbirana amasuntha masekondi 60 aliwonse, ndipo timu yodziwa imatumiza munthu mmodzi kapena awiri ku malo otsatira nthawi isanakwane, kuti anzawo akafa azidzukira kufupi ndi malowo pamene adani akudzukira kutali. Munthu wotereyu mwina amapha ochepa, koma ndiye wagwira masewera. Mu Halo zinali chimodzimodzi. Chishango cha mdani chimadzadzanso mukamusiya kwa masekondi ochepa, choncho awiri owombera mdani mmodzi amamugwetsa asanathawire kuseri kwa khoma, pamene aliyense akasankha wakewake adani onse awiri amapulumuka. Tinkawerenganso nthawi imene mfuti zamphamvu ngati ya roketi zimabwereranso pa mapu, ndipo kulanda mfuti yoonera patali pamene pali mnzako woidziwa bwino kuposa iwe kunkaonedwa ngati umbombo.

Za kutuluka masewera asanathe, maganizo anga ndi ouma. M'masewera osawerengera mulingo, amene sakweza kapena kutsitsa mapointi a luso lanu, tulukani ngati anthu akukuzunzani, chifukwa nthawi zambiri makina amalowetsa wina m'malo mwanu. M'masewera a mulingo palibe wolowa m'malo, mumasiya anthu anayi akulimbana ndi asanu, mumawadula mapointi amene anawavutikira, ndipo inunso mumaletsedwa kusewera kwa kanthawi. Komanso mu Siege mbali zimasinthana, choncho timu imene yalephera kuukira zigawo zitatu ikhoza kukhala yolimba poteteza, ndipo ine ndapambanapo masewera otere kangapo ndi anthu amene mphindi khumi zapitazo ankatukwanizana. Ngati mukudziwa kuti mulibe theka la ola lopanda chokusokonezani, musayambe n'komwe masewera a mulingo. Chimene sindinachizolowere pa zaka zonsezi ndi khalidwe lonjanja pa mtembo wa mdani amene wamupha, limene linafala kwambiri m'masiku a Halo. Ena amati ndi nthabwala chabe, koma ndaona anthu ambiri akuwomberedwa kumsana ali pakati pochita zimenezo, ndipo sindinawamvere chisoni.

Nkhwazi27

Zikomo kwambiri nonse atatu. Chitsanzo cha Thermite chandichititsa manyazi, chifukwa ndi amene ndimakonda kusankha, ndipo ndinkamusankha chifukwa cha mfuti yake osati chida chake. Madzulo ano ndasewera masewera anayi ndi Sledge, ndinkanena khomo ndisanalowe, ndipo tapambana awiri. Chimene chandivuta ndi chakuti ndikapempha munthu wonditsatira, kawirikawiri palibe amene amayankha, mwina chifukwa ambiri ali m'magulu awoawo a zokambirana ndipo sakundimva. Kodi pamenepo ndizidikirabe, kapena ndizilowa ndekha?

Mlonda_wa_Khomo

Pa console zimenezo n'zofala, chifukwa anthu obwera awiriawiri kapena atatuatatu amakhala m'gulu lawo la PlayStation kapena Xbox ndipo mawu a m'masewera sawafika. Musadikire yankho limene silibwera. Ngati palibe wokutsatirani, tsatirani inuyo: pa nthawi yokonzekera onani kumene anzanu ambiri asankha kuyambira, yambirani komweko, ndipo khalani munthu wachiwiri kumbuyo kwa amene akuoneka wolimba mtima. Iye sakuyenera kudziwa kuti mukumubwezera kuti kubwezerako kugwire ntchito. Zolozera zimaoneka kwa aliyense ngakhale amene sakukumvani, choncho zigwiritseni ntchito m'malo mwa mawu, koma musadine batanilo kakhumi pamalo amodzi. Mukakumana ndi munthu amene mwagwirizana naye bwino, mutumizireni pempho la ubwenzi masewera akatha ndi uthenga wa mzere umodzi womukumbutsa mapu amene munasewera limodzi. Anthu atatu amene ndimasewera nawo Lachisanu lililonse ndinawapeza mwa njira imeneyi, ndipo mmodzi wa iwo tinadziwana atandipha mwangozi ndi bomba n'kupepesa chigawo chisanathe.