Ndithandizeni pa nkhani ya mboni ya Ulimbitso

Abale ndi alongo mwa Khristu, ndikukonzekera kulandira Sakramenti la Ulimbitso, ndipo Ambuye Episkopi abwera posachedwa, koma nkhani ya mboni yandiimitsa mutu.

Akatekisi anatiphunzitsa kuti mboni iyenera kukhala Mkatolika wa zaka 16 kapena kuposerapo, wolimbitsidwa kale, wolandira Ukalistia, komanso asakhale bambo kapena mayi wondibereka. Anatinso ndi bwino kutenga yemwe anandiimira pa Ubatizo. Vuto lili pomwepo. Amayi anga a Ubatizo anasiya Mpingo kalekale, akupemphera kwina. Ndimawakonda kwambiri, ndi amene anandiphunzitsa kupemphera Kolona ndili mwana, ndipo sindikufuna amve ngati ndawataya.

Kodi angathe kundiimirabe, kapena ndisankhe wina wa ku mphakati kwathu? Nanga ndikasankha wina, ndikawauze bwanji mwaulemu? Kodi ndiyambe ndakaonana ndi bambo mfumu?

China, anzanga ambiri akangodzozedwa mafuta a Krisima sawonekanso ku Misa, ndipo zimenezi zimandiopsa. Ndikufuna mboni yoti izindifunsa za moyo wanga wauzimu ngakhale mwambo utatha. Inu amene munalimbitsidwa kale, munayang'ana chiyani posankha?