Nyumba ya lendi yopanda bwalo: ndiyambire pati kuchepetsa zomwe timawononga?

Amake a ana atatu:

Moni nonse. Pali nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kwa miyezi iwiri tsopano. Timakhala m'tauni, m'nyumba yosanja, ife tili m'mwamba. Tilipo asanu: ine, bambo akunyumba ndi ana atatu. Bwalo tilibe, tili ndi kakhonde kokha koti mukaika mipando iwiri kadzadza, ndipo ndi pomwe ndimayanikanso zovala.

Amene anandidzutsa ndi mwana wanga woyamba, wa zaka 12. Kusukulu anawauza kuti alembe chilichonse chomwe banja lawo lataya m'sabata imodzi. Madzulo aliwonse ankagwada pafupi ndi bini, kope lili m'manja. Lamlungu anandiwerengera: majumbo 23, mabotolo apulasitiki 9, chakudya chotsala chomwe tinataya kanayi, ndi masamba omwe anafotera mu firiji tisanawaphike n'komwe. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amayi, zonsezi zimakathera kuti?" Ndinasowa chonena.

Mawa lake ndinatenga ndowa yakale ya penti, ndinayamba kuponyamo makoko ndi zotsala zonse kuti ndipange manyowa, n'kumavindikira zolimba. Pasanathe masiku khumi pakhonde panali posakhalika. Fungo, ntchentche, ndiye madzi akuda anayamba kuchuchira pa zovala za anzathu apansi. Mayi wa m'nyumbamo anakwera kudzandiuza mwaulemu, koma ine ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinakataya zonse tsiku lomwelo.

Chinanso, bilu ya madzi ikungokwera pomwe sitinasinthe kalikonse. Bambo akunyumba akuti zosamala chilengedwe n'za anthu okhala m'nyumba zawozawo, okwanitsa kugula sola ndi makina atsopano. Ine sindikuvomereza, koma ndilibe choti ndiwaonetse. Amene munadutsamo, ndithandizeni: munthu wa lendi, wopanda bwalo, ayambire pati?

Pulambala wopuma:

Amayi, za manyowa ndisiyira ena. Ine ndagwira ntchito ya mipope zaka zoposa makumi atatu, ndipo mawu anu akuti bilu ikukwera musanasinthe kanthu ndawamvapo kambirimbiri. Nthawi zambiri pamakhala pena pamene pakuchucha.

Usiku uno, onse akamaliza kusamba ndi kupita kuchimbudzi, kawerengeni mita ya madzi ndipo mulembe manambala onse. Akuda aja amawerenga makyubiki mita, ndipo kyubiki imodzi ndi malita 1,000. Ofiirawo ndi omwe amaonetsa malita, ndiye amenewo musawasiye. M'mawa munthu asanatsegule mpope, kawerengeninso. Ngati manambala asuntha, madzi akutuluka inu muli mtulo.

Woyamba kumukayikira ndi chimbudzi chogejemula. M'kati mwa kathanki muli kalabala kotseka madzi, kakakalamba kamauma n'kusiya mpata, madzi n'kumatsetsereka mwakachetechete usana ndi usiku. Simumva phokoso lililonse. Donthezani utoto wothira m'zakudya mu kathankimo, dikirani mphindi 15 osagejemula. Mtundu ukaonekera pansi m'mbale ya chimbudzi, mwapeza wakuba wanu. Mpope wodontha nawonso musaupeputse. Bungwe la EPA, loteteza chilengedwe ku United States, limati mpope wodontha kamodzi pa sekondi iliyonse umataya magaloni oposa 3,000 pachaka, omwe ndi malita oposa 11,000. Patsiku ndi pafupifupi malita 30, ndipo chofunika kusintha ndi kalabala kamodzi kochepa ngati batani la malaya.

Ngati kathanki kanu n'kachikale, kamatulutsa malita 9 kapena kuposa pa kugejemula kumodzi, pamene katsopano kamatulutsa 6. Dzazani botolo la lita imodzi ndi madzi, tsekani, liimikeni m'kona ya kathanki posakhudza zitsulo zoyenda. Njerwa musaikemo, imanyenyeka n'kuwononga kalabala. Poti ndinu a lendi, mukapeza pochucha jambulani mita usiku ndi m'mawa, mukawaonetse eni nyumba. Manambala savuta kukambirana.

Agogo olima m'zitini:

Mwana wanga, ndowa yako sinalakwe, inangosowa mpweya. Zinthu zikamaola motsekeredwa zimanunkha ndipo zimatulutsa mpweya wa methane, womwe umatenthetsa dziko kwambiri kuposa carbon dioxide, mpweya wotuluka zinthu zikamayaka. N'zomwenso zimachitika kudzala lalikulu la mzinda, komwe chakudya chimakwiriridwa pansi pa zinyalala zina. Ndiye funso la mdzukulu wanga uja yankho lake ndi limenelo.

Ine ndimachita chonchi, ndipo nanenso ndili ndi khonde basi. Ndowa ndinaiboola timabowo m'mbali monse ndi pansi, ndi msomali wotentha, ndipo ndinaikhazika m'beseni lakale kuti madzi asagwere munthu. Pansi ndimayala makatoni ong'ambang'amba. Ndikathira dzanja limodzi la makoko ndi zotsala za masamba, ndimakwirira ndi manja awiri kapena atatu a zouma: makatoni, mapepala, masamba ouma a mitengo. Zouma zija ndi zomwe unaziiwala. Nyama, mafupa, mafuta ndi chakudya chophika siziyenera kulowamo, zimaitana makoswe. Kamodzi pa sabata ndimavundula ndi kamtengo. Ukafinya m'manja zizimveka ngati nsalu yochapa yomwe yafinyidwa kale, zonyowa koma zosadontha. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu zimada n'kumanunkhira ngati dothi la mvula yoyamba.

Koma ndikuuze zoona, manyowa ndi mapeto a nkhani. Chondiwawa ine ndi chakudya chomwe unataya kanayi chija, poti chinagulidwa, chinanyamulidwa, chinaphikidwa ndi moto. Lipoti la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, la mu 2024 linati m'chaka cha 2022 dziko lonse linataya matani 1.05 biliyoni a chakudya, ndipo magawo 60 pa 100 aliwonse anatayidwa m'makomo. Pa avareji, munthu mmodzi amataya makilogalamu 79 pachaka pakhomo pokha. Kwanu muli asanu, werengera wekha.

Mu firiji mwanga shelefu yapamwamba ndi ya zoyamba kudya. Chotsala chilichonse chimakhala pamenepo, m'kontena yoonekera m'kati, chifukwa chomwe diso silikuona chimaiwalika. Ndisanapite kukagula zinthu ndimatsegula firiji ndi kabati n'kulemba zomwe zikusowa. Ndipo ana aziyamba ndi chakudya chochepa m'mbale, akafuna awonjezere. Chotsala mumphika chimadyeka mawa, chotsala m'mbale ya mwana chimapita ku bini.

Amake a ana atatu:

Agogo, zikomo kwambiri, zouma sindinaikemo ngakhale pang'ono. Bambo pulambala, mita ndiwerenga usiku womwe uno. Nanga za magetsi? Pamenepo ndi pomwe bambo akunyumba angamvetsere.

Mphunzitsi wa sayansi:

Achemwali, abambowo apatseni masamu awa. Yuniti imodzi ya magetsi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Babu lachikale la mawati 60 limawala mofanana ndi la LED la mawati pafupifupi 9. Mukakhala ndi mababu asanu ndi limodzi oyaka maola asanu patsiku, achikale amadya mayunitsi 54 pamwezi, a LED amadya 8. Musasinthe onse tsiku limodzi, yambani ndi omwe amayaka nthawi yaitali. Ndipo posamuka mudzawachotsa n'kupita nawo, ndi anu.

Komabe mababu ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi chilichonse chotenthetsa. Giza ya malita 150, kuti itenthetse madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60, imadya pafupifupi mayunitsi 7. Choncho mphindi zomwe mwana amaima pa shawa akuimba zimalipiridwa kawiri, kumadzi ndi kumagetsi. Ketulo imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a yuniti kuti iwiritse lita imodzi, ndiye thirani madzi a makapu omwe mukufuna basi. Poto azikhala wovindikira. Zakudya zochedwa kupsa ngati nyemba, zikawira bwinobwino kwa mphindi 15, mutha kuphula poto ali chivindikirire, kumukulunga m'bulangete lokhuthala, n'kumusiya maola atatu kapena anayi kuti zipse ndi kutentha komwe zili nako.

Firiji yesani chonchi: panitsani pepala pachitseko n'kutseka. Likasololoka mosavuta, labala watha ndipo kuzizira kukuthawa. M'kati muzikhala pa madigiri 4, ndipo kumbuyo kwake musiye mpata woti mpweya uzidutsa.

Pa majumbo 23 aja ndili ndi mawu amodzi omwe ena sangagwirizane nawo. Anthu amadalira kwambiri kuti pulasitiki adzakonzedwanso, koma lipoti la mu 2022 la OECD, bungwe la mayiko ambiri loona za chuma ndi chitukuko, linapeza kuti padziko lonse magawo 9 okha pa 100 a zinyalala zapulasitiki ndi omwe amakonzedwanso. Jumbo lomwe simunalilandire ndiye lokhalo lomwe silidzatseka ngalande. Osathamangira kugula zikwama zatsopano zansalu ayi, nazonso zimadya madzi ndi mphamvu popanga. Chikwama chakale chomwe muli nacho chikwanira, bola chizikhala pakhomo potulukira. Ndipo chonde, pulasitiki musawotche, utsi wake uli ndi poizoni. Mabatire a foni ndi a zoseweretsa za ana asalowe mu bini, a lithium amatha kuyaka akaphwanyika m'galimoto yonyamula zinyalala. Asungeni m'botolo louma mpaka mutapeza malo olandira zamagetsi zakutha.

Amake a ana atatu:

Ndabweranso patatha milungu itatu kuti ndikuuzeni momwe zayendera. Usiku uja mita ndinawerenga 10 koloko, m'mawa 5 koloko. Inali itasuntha malita 38, tonse tili mtulo. Ndinabwereza usiku wotsatira poganiza kuti mwina mwana anadzuka, zinali chimodzimodzi. Utoto nditauthira mu kathanki, mphindi zisanu zisanakwane madzi a m'mbale anali atafiira. Bambo akunyumba anaima pakhomo la bafa osayankhula kanthu, kenako anatenga foni n'kujambula. Eni nyumba ataona zithunzizo anatumiza munthu, ndipo ntchito yonse inatenga theka la ola. Tsopano mita ikumagona nafe limodzi.

Chomwe chandidabwitsa n'chakuti amene ankakana aja ndi omwe asintha mababu a pabalaza ndi kukhitchini, ndipo ndi omwe akumagogoda pachitseko cha bafa ana akachedwa. Shawa yokha ndiye tidakali kulimbana nayo, mwana wachiwiri samva. Za bulangete ndinayesa kamodzi, zinapsa ndithu, koma ndinachedwa kuyamba ndiye tinadya usiku kwambiri. Ulendo wina ndidzayamba masana.

Ndowa ndaiyambiranso, Agogo. Timabowo anaboola ndi mwana wanga wamkulu, ndipo makatoni akumatipatsa ndi mayi wapansi yemwe ndinamudetsera zovala uja. Fungo kulibe, koma pali tintchentche ting'onoting'ono tomwe timauluka ndikavundukula. Kodi ndiwonjezere zouma pamwamba, kapena makoko a zipatso ndiziwakwirira pakati? Mwanayo wawerenganso sabata ino: majumbo 6, mabotolo 4, chakudya chotayidwa kamodzi. Wamata pepalalo pachitseko cha firiji, ndipo wasiya mzere wopanda kanthu wa sabata yamawa.