Dishi ya 36 yakana kugwira 68.5, ndalakwitsa pati?

Yamikani wa ku Area 25: Akuluakulu thandizeni, ndili padenga chiyambire m'mawa. Kasitomala anasiya kulipira DStv, akufuna matchanelo aulere a mapemphero pa setilaiti ya Intelsat 20 ya pa 68.5°E. Dishi ndi ya 90cm yomwe inkaloza Eutelsat pa 36°E. Ndaitembenuzira kummawa, strength ikufika 85 koma quality ikungovina pa 20, kenako zii. Blind scan (dikoda kudzifufuzira yokha matchanelo) yatola matchanelo owerengeka, nawonso akudukaduka.

Madala Phiri: Choyamba iwala za strength, mwana wanga. Imeneyo imangokuuza kuti LNB, kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kaja, ikulandira magetsi kuchokera ku dikoda. Ngakhale utaloza dishi pa chimbudzi, 85 yo ibwera.

Chifundo Masetilaiti: Onani kaye LNB setting. Ikhale Universal, 9750/10600, ndipo 22kHz pa Auto. Madikoda ena amabwera atasiyidwa pa 5150 ya C-band.

Yamikani: Zimenezo zili bwino achimwene, ndinayambira pomwepo. Waya ndi RG6 watsopano, ma F-connector ndamanga ndekha.

Mai Gondwe, Mzuzu: Mtengo palibe? 36 ija kwathu kuno imakhala pafupifupi pamutu, ndiye dishi imapenya pamwamba pa mango popanda vuto. 68.5 ili m'munsi, ku Lilongwe kwanuko ndi madigiri 47 kapena chapompo. Ine ndinataya tsiku lathunthu chifukwa cha nthambi imodzi ya mapeyala, mwini wake n'kumakana kuti isadulidwe.

Yamikani: Kutsogolo kuli mbee mayi, mpanda wokha basi.

Madala Phiri: Ima pamenepo. Matchanelo amene blind scan yatolawo, yang'ana chilembo cha kumapeto kwa frequency, H (siginolo yogona) kapena V (yoimirira). Amene ukuwadziwa kuti ndi a H, dikoda yalemba chiyani?

Yamikani: Eee, yalemba V. Ndimayesa dikoda ndi yopenga.

Madala Phiri: Wopenga si dikoda. LNB sunaipotokole, eti? Waya wake walozabe pansi ngati 6 koloko?

Yamikani: Ndinangoisiya mmene inalili.

Madala Phiri: Vuto ndi limenelo. Malawi ali pafupi ndi 34 kapena 35°E, ndiye setilaiti ya 36 timaiona itaima chilili, LNB imangopendekeka pang'ono. Ya 68.5 ili kutali kummawa, timaiona itagona chammbali, skew yake, kutanthauza kupendekeka kwa LNB, imadutsa madigiri 60. Ukapanda kupotokola, kachitsulo ka m'kati kamene kamamva H pa 18V kamayamba kumva V, ndipo ziwirizo zimasokonezana. N'chifukwa chake quality sikukwera. Masula kabawuti ka pakhosi pa LNB, uime kutsogolo moyang'anana ndi dishi, upotokole mpaka waya aloze cha pa 4 koloko. Ukatero uziyenda pang'onopang'ono, ukudikira masekondi angapo kuti dikoda iyankhe. Osathamanga ngati ukutsegula mpopi.

Chifundo Masetilaiti: Ndipo mutu wanu usatchinge LNB poyesapo, zinandichitikirapo ine, ndikumakalipira mwana amene amandiwerengera manambala pa TV.

Yamikani: Madala inu ndinu mfiti! Nditangodutsa 5 koloko yalumphira pa 55, pa 4 yafika 72. Ndakankhanso dishi pang'ono m'mwamba, ili pa 78.

Mai Gondwe, Mzuzu: Fufutani ma TP (ma frequency osungidwa mu dikoda) onse akale aja musanapange scan ina, apo ayi list idzadza ndi matchanelo akufa. Mumangenso mabawuti mosinthanasinthana mukuyang'ana quality, chifukwa pomanga m'pamene dishi imathawa. Pa connector yapanja kulungani tepi, madzi akalowa mu Disembala adzakuimbirani usiku.

Chifundo Masetilaiti: Muwauziretu kuti mvula yamphamvu ikamagwa Ku-band imaduka, si inu mwalakwitsa. Komanso amene alembedwa $ kapena scrambled sadzatseguka.

Yamikani: Scan yatha, zikuonetsa bwinobwino. Pano gogo a m'nyumba muno akufunsa kuti wailesi yakanema yakwathu ili nambala chani.

Madala Phiri: Imeneyo ndi ntchito ina, auze za dikoda ya Kiliye Kiliye ndi eriyo yake. Mtengo wake usaphatikize ndi wa lerowu. Tsika padengapo, malata atentha.